Akinlabi ndi Munda wa Koko Umene Anadula Yekha

Inu amene munadzigwetsa nokha ndipo mukuona ngati kudzuka n'kosatheka, imvani za Akinlabi wa ku Idanre, tauni ya m'munsi mwa phiri m'boma la Ondo. Nkhani yakeyi saifotokoza akuseka.

Tsiku limene anatuluka m'ndende, Akinlabi sanapite kunyumba. Anatsika basi panjira n'kulowera kumunda kwa malemu bambo ake. Anapezako zitsa zakuda ndi udzu wofika m'chiuno. Analibe woti amuloze chala, chifukwa mitengo ya koko imene inali pamenepo anaidula ndi manja ake.

Zinayamba ndi mnzake Gbenro, munthu wa pakamwa potsekemera. Chaka chimenecho m'boma lonse la Ondo munawanda mphekesera yoti lamulo la chamba lisintha, ati chiyamba kulimidwa poyera ngati mankhwala. M'mabasi, kometetsa tsitsi, ngakhale panja pa tchalitchi, nkhani inali yomweyo.

"Mphwanga, koko ndi mbewu ya nkhalamba," anatero Gbenro. "Lamulo likamadzatuluka, ochenjera adzakhala atakolola kale. Iwe ukudikira kuti akuimbire ng'oma?"

Akinlabi anagwetsa mitengo imene bambo ake anadzala iye asanabadwe, kuti adzalemo chamba. Mayi ake anagwada m'mundamo n'kumugwira miyendo, chinthu chimene kholo silichitira mwana. Iye anangoti, "Mayi, dzukani. Chaka chamawa ndikumangirani nyumba yosanja."

Lamulo silinasinthe. Apolisi anabwera, anatentha chamba chonse, n'kumutenga. Gbenro anazimiririka. Mayi aja anamwalira Akinlabi ali m'kati, ndipo pamaliro pawo, pamene ana onse ankavina atavala nsalu yofanana, iye yekha ndiye panalibe.

Atachoka kumunda tsiku lotuluka lija, anakafuna mlongo wake wamkulu, Ebun, amene amawotcha nthochi ndi mtedza m'munsi mwa phiri, pamene alendo odzaona malo amayambira kukwera. Anagona chafufumimba pafumbi, monga amachitira mwamuna pamaso pa wamkulu pa mwambo wa kwawoko.

"Dzuka apo, ukundithamangitsira makasitomala," anatero Ebun osamuyang'ana. "Nyemba za boma zakuyanja, eti?"

"Achemwali, ndabwera kudzapepesa."

"Amene ukanawapepesa tinawaika kale. Tamvera. Abale anakumana. Theka la munda uja analipereka kwa ana a bambo aang'ono, ndipo linalo likupitanso. Mwambo ukuudziwa. Nthaka ndi ya banja, munthu amakhala nayo chifukwa cha mitengo yake. Iwe uli ndi mtengo uti?"

 Misozi ya Akinlabi inkangogwera pafumbipo.

Ngakhale analankhula mokalipa, Ebun yemweyo ndi amene anakamuchonderera kwa abale. Anagwirizana kuti adikira kaye. Mvula yachitatu ikadzatha adzapita kukaona, ndipo akakapeza kulibe koko wamoyo, munda udzapita.

Munthu wochokera kundende sapeza ntchito msanga. Akinlabi anayamba kunyamulira alendo katundu pokwera phiri. Anthu a ku Lagos ndi ku Ibadan amafika ndi nsapato zonyezimira ndi mabokosi a zakumwa, koma akafika pakati pa masitepe okwerera phirilo mpweya umawathera. Iye ankasenza mabokosiwo, kubereka ana awo, ndipo tsiku lina anakankha kumbuyo bambo wina wonenepa mpaka pamwamba. Anzake pantchitoyo ankamuitana kuti Bwana Chamba. Ankangomeza mate. Kangachepe kalikonse kamene ankapeza ankagulira mbande za koko.

Chaka choyamba anadzala mbande zonse pamtetete. Zinagwira bwino ndithu, mpaka inafika mphepo youma ya fumbi imene imaomba kumeneko mvula ikatha. Masamba anapsa ngati awathira madzi otentha. Sipanatsale ngakhale imodzi.

Ndi masiku omwewo pamene Gbenro anatulukira, atavala mkanjo woyera wopeta, mimba ili patsogolo. Anamupeza akupuma pamwala, thukuta lili kamukamu.

"Mphwanga, wasanduka bulu wa alendo? Tamvera, ulendo uno ndi zoona. Lamulo lili panjira. Ndili ndi malo m'nkhalango, kumene wapolisi sangafike."

Akinlabi anayang'ana mapewa ake otupa. Kunena zoona, mtima unagwedezeka. Mbande zinali zitafa, nthawi imene abale anamupatsa inali kutha. Koma anakumbukira manja a mayi ake atagwira miyendo yake.

"Ngati lili panjira, likafika lidzandipeza pompano," anatero. "Mukakumana ulipatse moni."

Madzulo ake anafotokozera Ebun za mbande zija. Ebun anasiya kupepeza moto n'kugwira m'chiuno.

"Unadzala pamtetete? Iwe, mutu wakowu ndi wongonyamulira mabokosi basi? Bambo ankayamba ndi chiyani asanadzale koko?"

Akinlabi anati, "Nthochi."

Anali atakulira mumthunzi wa mitengo ikuluikulu, moti sanaganizepo kuti koko wamng'ono amafa akaombedwa ndi dzuwa, ndipo amafuna nthochi kuti zimuphimbe. Ebun anakakumba ana a nthochi kuseri kwa nyumba yake n'kumupatsa dengu lodzaza.

"Usandithokoze," anatero. "Zikabereka uzindibweretsera ndiziwotcha. Sindikuchitira iwe, ndikuchitira nthaka ya bambo."

Anayambiranso. Nthochi poyamba, koko pansi pake. Chilimwe chikafika, ankatsika phiri atatopa, n'kukatunga madzi kumtsinje kuthirira mbande imodziimodzi. Pokwera ndi alendo ankatchera khutu kwa akuluakulu ofotokoza mbiri ya mudzi wakale umene uli pamwamba pa phirilo, mpaka naye anayamba kutsogolera magulu. Dzina la Bwana Chamba linayamba kuiwalika.

Mvula yachitatu itatha, abale anabwera, motsogozedwa ndi bambo aang'ono a Fagbemi. Mkuluyo anayenda pang'onopang'ono pakati pa nthochi, anawerama, anakanda khungwa la kamtengo kena ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Anakanda kena, n'kukandanso kena.

"Ndi yamoyo," anatero a Fagbemi. "Malowa akhale ake. Koma mwana wanga, theka lija usadzalifunsenso."

Akinlabi anagonanso pansi, ndipo ulendo uno Ebun sanamuuze kuti adzuke msanga.

Musaganize kuti analemera. M'zaka zomwezo koko anakwera mtengo kuposa kale lonse. Anansi ake amene anasunga mitengo yakale anagula njinga zamoto n'kufolera nyumba ndi malata atsopano, pamene koko wake anali asanafike n'paphewa pomwe. Lero mitengo yake yayamba kubereka, amadya thukuta lake, ndipo alendo amamufunsa ndi dzina akafika paphiri. Koma akamadutsa m'malire a theka lija amayang'ana kumbali.

"Ndinapulumutsa theka la munda," amatero. "Koma mayi anga sindingawabwezenso."

Ndiye inu amene mukumva mphekesera yokoma lero, musadule chimene chikukudyetsani chifukwa cha chinthu chimene sichinafike. Ndipo ngati munadula kale, lirani ndithu, chifukwa zina sizidzabwereranso. Mukatha kulira, kaoneni chimene chatsala. Theka nalonso ndi munda. Musataye mtima, kadzaleni.