Tepi Yoyera ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anthu amawatchula kuti a Mapaipi. Musaseke, dzinalo analikhetsera thukuta. Unyamata wawo wonse unathera pansi pa masinki a eni ake, kuseri kwa zimbudzi, ndi m'madenga otentha momwe mumakhala matanki a madzi. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosadziwa ntchito ya mpando. Akabwera kwanu kudzacheza, moni usanathe aimirira kale, ali kubafa, akumvetsera mpopi wanu ngati dokotala. M'thumba la malaya awo simusowa kampukutu ka tepi yoyera ija yokulunga m'mazinga a paipi kuti madzi asadonthe. Ngakhale tsiku la ukwati wawo inali momwemo, ndinaiona ndi maso angawa.

Ine ndimaitanira anthu pa siteji ya minibasi. Sukulu sindinapite nayo patali, nzeru zanga ndi zotola mumsewu, ndipo pakamwa panga sipadziwa kunong'ona, n'chifukwa chake alamu amanditchula kuti Chiphokoso. Koma wofuna kunyoza alamu anga ine ndili pomwepo, ayambe watsanzikana ndi mano ake.

Mawondo atayamba kuwakana chifukwa chogwada pa simenti, anagula boti lakale la injini ya dizilo n'kuyamba kuwolotsa anthu ndi katundu pamtsinje waukulu wa kumunsi kwa tauni. Munthu anasintha! Amene ankafika pakhomo atawerama, akununkha ngalande, anayamba kufika akuimba likhweru. Chilema chinali chimodzi: phuma. Boti lawo linkathamanga ngati likuthawa mlandu.

Tsiku lina injini inauma gwa pakati pa mtsinje. Oyilo anatentha mpaka kusungunuka ngati madzi, zitsulo n'kulumana. M'botimo munali amayi a madengu, wina woyembekezera, ndipo madzi anawatenga kulowera ku zipilala za mlatho mpaka boti lina linawaponyera chingwe. Palibe anavulala. Amakanika anaidzutsa injiniyo, koma kiyi anatenga achemwali n'kumumanga pa chingwe m'khosi.

"Pamadzi paja simubwererapo mpaka muike geji yosonyeza kutentha kwa oyilo, ndiione ndekha ikugwira ntchito," anatero. "Apo ayi, bwererani ku zimbudzi zanu. Ine umasiye sindikuufuna."

Achemwali anga akanena anena. Alamu anakhala pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira. Anamasula mipopi yonse ya m'nyumba, yabwinobwino, n'kuimanganso. Anayamba ya aneba, mpaka aneba ankati akawaona amatseka geti.

Geji itapezeka, ananditenga pa siteji m'mawa, ati ndikawagwirire zida. M'kabokosi munali geji yeniyeniyo, ya kamuvi, ndi kachitsulo ka mkuwa kotalika ngati chala chachikulu. Mbali imodzi kanali ndi mazinga, mbali inayo pomangira waya mmodzi. Wa m'shopu anawauza kuti ndi sensa, imamira mu oyilo n'kumauza geji mmene kwatenthera.

Tinavundukula injini. Alamu analowetsa mutu pafupi ndi fyuluta ya oyilo, pomwe panali kabowo kotsekedwa ndi bawuti.

"Iwe Chiphokoso, tochiyo unikira apa, osati m'khutu mwanga!"

"Nanga mutu wanuwo watseka ponse, ndiunikire pati?"

"Sipanala."

"Iti?"

"Yomwe wakhalirayo."

Bawuti inatuluka, oyilo pang'ono n'kutsikira kuchigongono. Anapukuta, anatenga sensa, ndipo dzanja linapita lokha kuthumba. Tepi! Anakulunga, anakulunga, anakulunganso, mpaka mkuwa wonse wa m'mazinga unabisika, kachitsulo kaja n'kuoneka ngati chala cha munthu wochokera kuchipatala.

"Alamu, si yambiri imeneyo?"

"Iwe unamangapo chiyani moyo wako wonse, kupatula lamba wa thalauza? Mazinga opanda tepi ndi maliseche. Ntchito yanga sinadonthepo."

Anamanga, anakoka waya kupita ku geji yomwe anaikhomera pafupi ndi chiwongolero, analumikiza ku batire. Zinali zaudongo, ndisaname.

Dzuwa lili paliwombo achemwali anatulukira padoko, kiyi ali m'khosi. Sanamuvule ayi. Anawerama n'kuliza okha injini, chingwe chili m'khosi momwemo, kenako anachimasula n'kuchikulunga padzanja. Boti linali lomangirira. Injini inalira, inalira. Alamu akuponda uku, akuponda uku, boti lonse likugwedezeka. Kamuvi kali phee pansi, pa mbali yozizira.

Nthawi inapita ndithu. Thukuta linandinyowetsa msana. Kamuvi osasuntha.

"Mwaona, mayi a ana?" alamu anatero. "Oyilo ali zii ngati madzi a mumtsuko. Injini imeneyi anaikonza bwino."

Achemwali anayang'ana geji, anayang'ana amuna awo. "Ndiye kuti ikakhala pansi choncho zili bwino?"

"Kwambiri."

Ndinawaona akuyamba kumasula chingwe chija padzanja. Ine pofuna kudzuka ndinatsamira pa fyuluta. Mayo! Chikhatho chinapsa ngati ndagwira poto wa pamoto. Ndinaluma mlomo. Alamu anaona. Anandiyang'ana, ndipo maso amenewo sindidzawaiwala: maso a munthu wamkulu akupempha mwana. Sanali kunama mwadala, ayi, koma mumtima ankadziwa kuti chinachake sichili bwino, ndipo ankafuna madzi awo.

Ndinayesa kukhala chete. Ndikulumbira, ndinayesa. Koma m'mutu munabwera mayi woyembekezera uja ndi zipilala za mlatho.

"Bodza!" ndinakuwa, mpaka osodza a patsidya anatembenuka. "Achemwali, musapereke kiyi! Injini ikuwotcha ngati ng'anjo, taonani dzanja langa. Geji iyi ndi yakufa!"

"Chiphokoso, tuluka m'boti langa."

"Sindituluka! Mundimenye, koma sindidzanyamula bokosi lanu la maliro ine!"

"Ndani wakufunsa? Galu wa pa siteji iwe, ukudziwa chiyani za injini?"

"Galu yemweyo ndi amene adzalere ana anu mukamira!"

Achemwali anabweza chingwe padzanja. Zimenezo ndi zomwe zinandipsetsa mtima koposa, poti ine sindinafune kuti alamu abwerere ku zimbudzi. Ndinatola sipanala n'kuloza nayo kachitsulo kaja. "Kanthu kanu aka, aka, n'kachabechabe! Anakuberani!" Pogogodapo, sipanala inakhudza sensa mbali imodzi, mbali inayo n'kugunda thupi la injini.

"Kasuntha!" achemwali anafuula. "Kamuvi kadumpha!"

Ndinachotsa sipanala. "Kagwanso," anatero. Alamu anandilanda sipanalayo n'kuigunditsa okha, sensa ndi injini pamodzi. Kamuvi kanakwera mpaka pakati. Anachotsa, kanagwa. Anabwereza, anabwerezanso. Kenako anakhala pansi pa thabwa, munthu amene sindinamuonepo atakhala osauzidwa.

"Waya ndi mmodzi," anayankhula ngati ali okha. "Magetsi ali ngati madzi a m'giza yotenthetsera madzi osamba, akapita amafuna pobwerera. Pobwerera pake ndi m'mazingamo, chitsulo kukhudza chitsulo." Anapukuta nkhope ndi mkono wa oyilo. "Ndatseka njira ndi tepi."

"Ndiye chotsani," achemwali anatero.

"Idontha."

"Bambo a ana, sankhani. Tepi kapena mtsinje."

Tinazimitsa injini n'kudikira kuti izizireko. Alamu anamasula sensa n'kuyamba kusenda tepi ija ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, ngati akusenda khungu lawo lomwe. Anatsuka mazinga, anamanga chitsulo pa chitsulo, anakungitsa bwino. Injini italiranso anagona chafufumimba, chala chili pansi pa sensa, kudikira dontho. Anayang'ana chala. Chouma. Anabwezeranso. Chouma. Ankaoneka ngati munthu amene wanyozedwa.

Kamuvi kanakwera kokha n'kukaima pakati.

"Masula chingwe cha boti, iwe," achemwali anandiuza. "Tikayese pamadzi. Pano boti likungopuma."

Achemwali anakhala maso ali pa geji. Titangochoka padoko, alamu anakankha giya mpaka kumapeto monga mwa nthawi zonse, mphepo n'kuwadzaza malaya. Tisanafike pakati pa mtsinje kamuvi kanayamba kukwawira ku mbali yofiira.

"Chepetsani."

"Sikanafike."

"Ndati chepetsani!"

Anachepetsa. Tonse atatu tinaunjikana pa geji, boti likuyenda ngati ngolo. Kamuvi kanaima, kanaganiza, kenako kanayamba kutsika. Palibe anafunika kufotokozera mnzake chomwe chinawotcha injini tsiku lija. Achemwali anamasula chingwe padzanja n'kuchisiya chikulendewera pa kiyi.

"Kakafika pofiira, n'kumva ine kwa anthu, mudzandipeza kwathu," anatero.

Lero boti la alamu ndi lomwe limafika mochedwa kuposa onse. Amaima pa chiwongolero phazi likugunda pansi, nsagwada zili gwa, diso limodzi pamadzi lina pa kamuvi, maboti a anzawo akuwadutsa uku ndi uku. Amayi a madengu amalikonda, ati mazira sasweka. Ine alamu sanandiyankhule kwa kanthawi, kenako tsiku lina anangofika kwathu n'kulowa kubafa osagogoda.

Sabata yatha ndili padoko, woyendetsa boti wina, wamtali ngati mzati wa magetsi, anakuwa kuti, "A Mapaipi, tikukokeni? Kapena mwanyamula maliro?" Alamu anangoyang'ana kumbali. Ine ndinavula jekete n'kupatsira mayi wogulitsa nthochi kuti andigwirire.

"Bwera unene pano," ndinatero. "Tsika m'botimo, unene pano!"

Sanatsike.