Tsamba la msuku la pamanda a Tadala

Inu owerenga, banja langa ndinalipasula ndekha, ndipo palibe mkazi wina kapena mowa umene ndingaloze chala. Chinandipweteka ndi mtima wokayikira.

Amuna anga anali a ku Malomo, koma ankakhala chikamwini kwathu kufupi ndi Mvera. Anali kalipentala wosayankhulayankhula. Ali mnyamata ku Harare anaphunzira luso lina: ankaumitsa masamba, kuwaika m'zikombole zansungwi, n'kuthiramo utomoni wam'chitini umene ukauma umaonekera ngati galasi. Akausema ndi kuupala, pankatuluka thunthu la bolopeni, tsamba likuoneka m'kati. Aphunzitsi ndi alendo a kumishoni ankazikonda.

Chaka chimene sukulu yaulere inayamba, mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala, analowa Sitandade 1. Ankalemba ndi pensulo, ndipo tsiku lililonse ankavutitsa bambo ake kuti amupangire bolopeni yakeyake. Iwo ankati ayambe wadziwa kulemba dzina lake. Malungo anamutenga chaka chisanathe.

Maliro atatha, ine ndinkalira poyera, iwo osagwetsa msozi. Ankangodzitsekera m'shedi mwawo. Maoda a mabolopeni anayamba kuchuluka, ndipo amayi a kuchitsime anayamba kunong'ona kuti mkamwini ameneyu wakhwimira mwana. Masiku amenewo pakamwa panali patangomasuka, aliyense ankayankhula chimene wafuna. Ine ndinameza zonse. Fungo la utomoni lija, limene ndinakhala nalo zaka zambiri, linayamba kundinunkhira ngati mankhwala. Kope la Tadala litasowa m'sutikesi, ndinati basi, umboni ndi umenewu.

Loweruka lina masana ndinawatsatira chapatali. Analowa kumanda okha, osapempha kwa eni mudzi, n'kuthyola masamba a msuku umene uli kumutu kwa manda a mwanayo. Sindinawafunse kanthu. Ndinathamangira kwa achimwene anga.

Achimwene sanachedwe. Anaphwanya zikombole, anataya utomoni m'dzenje, n'kuuza mlamu wawo kuti dzuwa lisalowe ali pamudzi pano. Amuna anga anandiyang'ana ine, osati iwo.

“Amake Tadala, nanunso mukuganiza choncho?”

Ndinayang'ana pansi. Ananyamula bokosi la zipangizo pa njinga n'kumapita.

Patatha miyezi itatu, alamu anga aakazi anabwera kuchokera ku Malomo ndi kaphukusi. Munali bolopeni imodzi. M'kati mwa utomoni munali tsamba la msuku, ndipo pambali pake kapepala kodulidwa m'kope lija, pamene Tadala analemba dzina lake ndi pensulo, zilembo zopendama. Alamuwo anati bamboyo anapeza dzinalo m'kope mwanayo ataikidwa kale, ndipo ankafuna kukwaniritsa lonjezo lake n'kundipatsa ine kuti ndizisunga.

Ndinatuma ankhoswe kawiri, kenako ndinapita ndekha. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando. Koma anati sangagonenso nyumba imodzi ndi munthu amene anakhulupirira kuti iwo angaphe mwana wawo.

Inu owerenga, anthu salira mofanana. Mnzanu akakhala chete pa maliro, musamuweruze ndi mphekesera za kuchitsime, mufunseni. Ine ndinali ndi mphamvu zowazembera mpaka kumanda, koma ndinalephera kuyenda mapazi khumi kukagogoda pa shedi. Bolopeni ija ndikadali nayo, ndipo sindinalembepo nayo ngakhale chilembo chimodzi.