Thabwa la che Swadick

A Jose, amuna ake a Hidaya, amene amakhala kuseri kwa mpanda wathu kuno ku Lungwena, ndi munthu woti umayamba wamva fungo lawo eni ake asanatulukire. Ndi fungo la mankhwala omatira maboti aja, iwo amati rezini. Lawalowa m'malaya, m'ndevu, mpaka mu kofiya yopitira ku mzikiti. Koma munthu wake, iii, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Mpanda wathu ndi wa bango, ndiye mawu amangodutsa okha, munthu suchita kufuna.

Kwawo kwenikweni a Jose kulibe. Anawoloka malire pa Chiponde ali kumbuyo kwa mayi awo, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ija. Bambo awo anati atsale kaye aone mbuzi, abwera pambuyo. Sanabwere, ndipo mpaka lero palibe angakulozereni pamene anagona. Mwana anakulira pamalire pomwepo akukankha njinga za katundu wa eni, kenako anakaphunzira ukalipentala ku Namwera, kukhoma zitseko ndi mafelemu. Matabwa atayamba kusowa anatsikira kunyanja kuno n'kuyamba kumata maboti obooka. Ndi kumene Hidaya anawaona, atapita kukapikula usipa. Analowa Chisilamu, shehe n'kuwapatsa dzina loti Muhammad, koma dzinalo linathera pa nikaha pomwepo, pa mwambo womanga ukwati. Aliyense amangoti a Jose, kapena bambo a Naima, potchula mwana wawo.

Anamanga kwa akazi, paja ndiwo mwambo wake. Nyumba anamanga ndi manja awo, kashedi kogwiriramo ntchito nakonso, koma dothi lake si lawo. Mwini mawu pamenepo ndi Dinala, mchimwene wake wa Hidaya, amene anatsala mwini mbumba amalume awo atamwalira. Dinalayo mlamu wakeyu sanamukondepo. Amati “alamu othawa nkhondo,” akumwetulira, ndipo aliyense ankadziwa kuti pamene pali kashedi paja iye amafunapo kumanga thandala loyanikapo nsomba zake. Ankangosowa chifukwa.

Ndiye panali madala, che Swadick, bambo ake a Hidaya ndi Dinala. Maondo anawakana kalekale, pamkeka sakhalanso. Ankadyera pampando, mbale ili pamiyendo, tiyi n'kumatayikira pa kanzu, mkanjo wawo wautali. Maso nawonso anachita ng'ala, mpaka chaka chatha anawatenga kupita nawo ku chipatala chachikulu kuti akawapale, Hidaya n'kupita nawo kukawadikirira. A Jose atatsala okha anaganiza zowakonzera apongozi awo katebulo koti adzakapeze pobwera. Anali ataona pa foni matebulo ena oti m'mbali mwake sawongola, amangosiya mmene mtengo unakulira, khungwa lili pomwepo, ndipo pamene pali mng'alu amathirapo rezini wamtundu, n'kumaoneka ngati kamtsinje. Rezini anali naye. Chosowa chinali thabwa.

Tsiku lina anakwera kukakonza denga la khitchini yakale ya malemu apongozi awo aakazi, limene linkadontha. Pamitanda, mu mdima wa mwaye, anapeza chinthu chachitali chokulungidwa mu ukonde wakale. Atamasula anapeza thabwa la mlombwa, lochindikala, lotalika ngati munthu, lakuda ndi utsi, khungwa likadali m'mbali. Kumutu kwake kunali mng'alu woti chala n'kulowa.

Anatuluka nalo pamapewa. Dinala anali pakhonde akusoka ukonde.

“Alamu, thabwa ili ndalipeza kukhitchini. Ndimati ndiwapangire madala tebulo. Lili ndi ntchito?”

Dinala analiyang'ana nthawi yaitali, singano ili m'mwamba.

“Amisiri ndinu, alamu. Ine za matabwa ndingadziwe chiyani?”

Ndipo anadzuka yekha, osapemphedwa, n'kukawagwirira kumapeto pamene ankadula. Sowo inalira, utuchi n'kumagwa wofiira ngati dothi la ku Namwera. Chigawo cha mng'alu chija chinatsala pa benchi, chinacho anachitsamiritsa pakhoma.

A Jose ntchito anaigwira ndi mtima wonse. Anapala mwaye uja mpaka mizere ya mtengo inaoneka, anakolokosa fumbi mumng'alu ndi kawaya, pansi pake n'kumata selotepi kuti rezini asathawe. Anasakaniza mankhwala a m'mabotolo awiri a rezini, n'kudonthezamo utoto wobiriwira ngati madzi akuya, kenako kuthira pang'onopang'ono. Tithovu tikatumphuka ankatipsereza ndi kamoto ka laitala. Koma mmene ankati avindikire kuopa ntchentche, anaona kuti m'mphepete mwa mng'alu mtundu wayamba kusintha. Mtengo unkatulutsa kufiira kwake, timizere tating'ono tikulowa mu rezini ngati munthu wadzicheka ali m'madzi. Mlombwa umatero, iwo anadziuza choncho. Koma anaimapo ndithu kanthawi asanavindikire.

Madzulo ake kunabwera a Ajira, mng'ono wawo wa malemu apongozi aakazi aja, kudzabwereka mpando. Anangoona ukonde wakale uja pansi ndi chigawo chotsamira pakhoma, n'kugwira pamutu.

“Innalillahi! Bambo a Naima, mwatani? Mwadula?”

“Ndi tebulo la madala, mayi.”

“Tebulo! Limenelitu ndi thabwa la m'manda mwawo!”

Mukudziwa kuti ife Asilamu timaika munthu m'kachipinda kokumba m'mbali mwa dzenje, n'kutseka ndi mitengo kuti dothi lisamugwere. Anthu ambiri mitengoyo amangodula tsiku lomwelo, ndipo a Jose ankadziwa zokhazo. Koma che Swadick anali ndi zawozawo. Nawonso kuno anabwera ngati mkamwini, kuchokera kumtunda kwa Namwera. Mayi awo atamwalira, munda wakwawo n'kugulitsidwa, iwo anapita kukagwetsa mlombwa umene unali pakati pa mundawo, n'kubwera ndi thabwa limodzi lokhali pa njinga. Ankati poti adzagona m'dothi la eni, chakwawo chikhale chomwe chidzawafunditse. Banja lonse linkadziwa, mpaka ana. Amene sankadziwa ndi a Jose okha.

Anathamangira kukavundukula, ati mwina achotse. Rezini anali atayamba kale kugwira, akutentha ngati mphumi ya wodwala malungo. Ndipo ngakhale akanachotsa, podula paja akanalumikiza ndi chiyani?

Ndiye ngati zochita kupangana, Hidaya anaimba foni m'mawa mwake. Diso apala bwinobwino, koma madala thupi latentha, sakudya, akungobwebweta. Ati akumafunsa ngati denga la kukhitchini silikudonthera thabwa lawo. A Jose anangoti, “Denga ndakonza,” za thabwa osazitchula.

Nkhani sinachedwe. Kuchitsime, kugombe, pa chigayo, paliponse: mkamwini wadula thabwa, mwini wake wagwa. Ena amvekere anachita dala. Ena ati anthu a kutsidya amadziwa zambiri. Lachisanu ku mzikiti, kumene anthu amaima phewa ndi phewa, mbali zonse ziwiri za a Jose kunatsala mpata woti mwana n'kudutsa. Dinala zoti anagwirira nawo sankazikumbukanso. Anabweretsa mitengo ya thandala lake n'kuiunjika pafupi ndi kashedi kaja, masana dzuwa likuswa mtengo.

“Alamu, ine sindikuthamangitsani ayi,” anatero, akupukuta manja. “Koma madala akafika, kaya abwera okha kaya abwera atanyamulidwa, inu mukhale mutalongedza. Njira ya ku Chiponde mukuidziwa.”

A Jose anatsala akulingalira. Ku Chiponde kuli ndani? Mayi awo anamwalira, kanyumba kanagwa. Pano ndi pamene pali mkazi wawo, mwana wawo Naima, ndi mitengo ya mango imene anadzala okha. Anaganiza zokafuna mlombwa wina, koma ukakhala wa m'munda mwa ndani? Ndiye poti manja sakanatha kungokhala, anabwerera ku tebulo lomwe lija. Masiku onse amenewo kuseri kwa mpanda kunkangomveka sandipepa, shwe, shwe, shwe, osaimba nyimbo ngati kale, osayatsa wailesi. Miyendo anali atasema kale. Anatenga guluu ndi misomali kuti akhome, n'kuima, hamala ili m'manja. Anaibweza m'bokosi, n'kupalasa njinga mpaka ku Mangochi kukagula mabawuti.

Madala anabwera amoyo, koma atatha, khosi ngati la nkhuku, diso limodzi lomata thonje. Anawatsitsa m'galimoto anthu awiri. Hidaya anali atamva kale zonse m'njira, ndipo anakokera amuna ake kuseri, kufupi ndi mpanda.

“Bambo a Naima, osandifunsa ine bwanji? Foni munali nayo!”

“Ndimafuna mudzangoona.”

“Eya, taona! Mudzi wonse waona!” Kenako mawu anatsika. “Achimwene akati muzipita, ine nditani? Ndisiye bambo anga ali chonchi?”

M'mawa mwake che Swadick anauza anthu kuti awakhazike pakhonde, ndipo chinthu choyamba kuitanitsa chinali thabwa lawo. Palibe anayerekeza kuwauza. A Jose anapita okha kushedi, n'kubwera tebulo lili pamutu, chigawo chotsala chili m'khwapa. Anaziika patsogolo pa madala n'kugwada. Anthu anali atadzaza kale pabwalo, ena ati adzazonda matenda.

“Baba, onani zimene achita alamu,” anayamba Dinala. “Ine ndinanena kale kuti munthu wosadziwika kwawo…”

Madala anakweza dzanja, Dinala n'kumeza mawu. Anaweramira tebulo lija, diso lotsala lija likuphethira. Analisisita m'mbali mmene muli khungwa, n'kulinunkhiza. Kenako chala chinayenda pamwamba kufunafuna, chikubwerera, chikufunanso.

“Mng'alu uja uli kuti?”

“Ndinatseka, apongozi. Ndi pamene pakuwalapo.”

“Dothi lingadutse?”

“Ngakhale madzi sangadutse.”

Chala cha che Swadick chinaima pa timizere tofiira tija.

“Mng'alu umenewu unkandisowetsa tulo,” anatero. “Chaka ndi chaka ukukula. Ndinkati ndidzagona pansi pake, mchenga uzidzandithothokera kumaso.” Anthu ena anayamba kupuma, koma madala anali asanamalize. “Koma munadula. Thabwa la amayi anga, munalidula pakati. Mlombwa wolemera chonchi munthu mmodzi sadula. Anakugwirirani ndani?”

Dinala ankayang'ana zala za kumapazi kwake. A Jose anayang'ana pansi.

“Mlandu ndi wanga, apongozi. Sowo inali m'manja mwanga.”

Madala anatembenuza diso lawo limodzi lija n'kuliika pa mwana wawo mpaka Dinala anayamba kukanda m'khosi. Kenako anapapasa pansi pa tebulo n'kupeza chitsulo.

“Miyendoyi imachoka?”

“Ndi mabawuti. Sipanala yokha basi.”

“Ndiye mvetserani, akamwini anzanga. Chotsalachi mubwezere pamitanda. Ili ndizimwerapo tiyi. Tsiku langa likadzafika, womasula miyendoyi ndinu, wotsika nalo m'dzenje ndinu, ndipo chowalachi mudzachiike kumutu. Inu bambo anu simunawafotsere, mudzafotsera ine. Dinala, wamva? Munthu uyu asachoke pano ine ndisanagone.”

“Ndamva, baba,” anatero Dinala. “Mpaka tsiku limenelo akhale.”

Ndiye ndi mmene zilili mpaka pano. Tebulo lili pakhonde, lokongola ndithu, alendo amalijambula pa foni, koma wa m'mudzi muno palibe amaikapo kapu yake. Madala okha ndiwo amamwerapo tiyi, nthawi zina n'kumagogoda pa rezini paja ndi chikhadabo, ngati munthu amene akuyesa chitseko. Sipanala analamula kuti ipachikidwe pa msomali pamwamba pa mpando wawo. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, a Jose amagwada pansi pa tebulo n'kudontheza mafuta pa mabawuti kuti asachite dzimbiri, madala akuwayang'anira.

Ndipo a Jose asanduka namwino. Phala la madala amalawa ndi iwo, mankhwala amakumbutsa ndi iwo, mphepo ya mwera ikangoyamba amathamanga ndi bulangete. Hidaya amawaseka kuti asamala bambo ake kuposa mkazi, koma kuseka kwake sikufika patali. Mitengo ya Dinala ikadali pomwe paja pafupi ndi kashedi, ndipo mwezi wathawu anabwera kudzaipaka oyilo kuti chiswe chisadye.

Chifuwa cha che Swadick chayambiranso masiku ano. Akangotsokomola pakhonde, sandipepa kushedi imaima. Imakhala chete mpaka madala atapuma bwino n'kuitanitsa madzi, ndiye imayambanso, pang'onopang'ono.