Mayi Woima pa Khonde la Sitolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anayamba kubwereka maso anga. Maso awo anali atayamba kuvutika kuona tinthu ting'onoting'ono tapafupi, pomwe ntchito imene ankaikonda Loweruka inkafuna maso akuthwa.

Tinkakhala ku Silver Spring, m'kanyumba kam'mwamba koyang'anizana ndi njanji. Bambo anali dalaivala ku ofesi ya kazembe, koma mtima wawo unali m'mabokosi a nsapato pansi pa bedi. M'menemo munali mapositikhadi akalekale a ku Canada, dziko limene anayamba kugwirako ntchito tisanabwere kuno. Ankawagula pa msika wa zinthu zakale ku Laurel, ndipo amayi sankalephera kuwalandira ndi mawu omwewo: "Anzanu akumanga kumudzi, inu mwabweranso ndi azungu akufa!"

Bambo ankangoseka n'kuyala nsalu patebulo. Anandiphunzitsa kugwira khadi m'mphepete ngati mbale yotentha, ndi kuliyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu. Ukaona timadontho, ndiye kuti linadindidwa pa makina pamodzi ndi ena ambirimbiri. Ukapanda kuona timadontho, ndi chithunzi chenicheni, chotsukidwa ndi munthu amene anaima pamalopo ndi kamera yake. Amenewa ndiwo bambo ankafuna. Ankanunkha ngati sutikesi imene yakhalitsa yosatsegulidwa, ndipo ena ankanyezimira m'mbali ngati siliva.

Ambiri analibe dzina la malo. Ntchito yathu inali kulifufuza: chikwangwani cha sitolo, denga la tchalitchi, zilembo za pa siteshoni. Tikalipeza, bambo ankalilemba kumbuyo ndi pensulo, chifukwa inki imadya pepala.

Koma panali khadi limodzi limene silinkagona m'bokosi. Linkayenda m'thumba la malaya awo, ndipo ankalitulutsa akamadikira abwana pa Massachusetts Avenue. Panali msewu wafumbi, sitolo ya malata, ndi mayi ataima pakhonde, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa. Nkhope yake inabisika mumthunzi wa dzanjalo. Bambo ankati malowo ndi kwathu ku Ntcheu kwenikweni, ndipo kaimidweko ndi ka amayi awo akamayang'ana ngati ana akubwera kusukulu.

Agogo angawo sanajambulidwepo. Wojambula wa panjinga akafika m'mudzi, iwo ankati adzajambulitsa akadzakolola, atagula nsalu yatsopano. Anamwalira bambo ali ku Canada. Choncho chithunzi chokhacho cha amayi awo chimene bambo anali nacho chinali cha mayi wa eni.

Loweruka lina analitulutsa m'thumba n'kuliika pansalu paja.

"Tadala, kumapeto kwa msewuku kuli nkhokwe yaitali ya tirigu. Pakhoma pake pali zilembo. Tandiwerengera."

Amayi, amene ankasita zovala chapafupi, anaimika simbi. Tsiku limenelo sananene za azungu akufa.

"Abambo a Tadala, limenelo lisiyeni. Mukalipeza dzina, inu mutsala ndi chiyani?"

Ngakhale ndinali mwana, ndinamva zimene amayi ankatanthauza. Nditaika galasi, zilembo zinaoneka ndithu, zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinayesa kuzemba.

"Adadi, sizikuoneka bwino."

"Maso ako ndimawadziwa, mwana iwe. Werenga." Kenaka anatsitsa mawu. "Mayi awa ali ndi kwawo. Ndakhala nawo mokwanira. Mwina kwinakwake kuli mdzukulu wawo amene akuwasowa monga ine ndikusowera anga. Angawapeze bwanji ndikawatsekera m'thumba opanda dzina?"

Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi. Masana tinapita ku laibulale, ndipo pa mapu akale a njanji tinakapeza katawuniko, kutali m'zigwa za Saskatchewan ku Canada, kumene chisanu chimakwirira nyumba. Kunalibe chilichonse chokhudza Ntcheu. Bambo anasongola pensulo, analemba dzinalo mosathamanga, n'kuika khadilo m'bokosi pakati pa anzake. Pambuyo pake anatumiza chithunzi cha khadilo kwa anthu osunga mbiri ya deralo, kuti wofuna akachipeze.

Ine ndinakwiya nawo. Kwa nthawi yaitali ndinkaona dzanja lawo likupita pathumba la malaya n'kubwerako lopanda kanthu, ndipo mtima unkandipweteka. Ndinkaona ngati adzilanda okha chinthu chimene palibe akanawalanda.

Bambo anatisiya ine nditakula kale, ndipo tinakawaika ku Ntcheu. Ndinaufunafuna msewu uja ndi sitolo yake. Ndinapeza mashopu a njerwa ndi njinga zamoto, ndipo palibe chimene chinafanana ndi khadi lija, kupatula dzuwa, limene linandichititsa inenso kuika dzanja pamphumi.

Lero mabokosi aja ali kwa ine, kuno ku Laurel. Sindikudziwa ngati mdzukulu wa mayi uja anawapeza. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti bambo sanasiye kuwasowa amayi awo. Anangokana kuti kusowa kwawoko kubise mayi wa munthu wina, poti ululu wa kusakhala ndi chithunzi ankaudziwa bwino.

Ndimawasowa kwambiri. Zithunzi zawo ndili nazo zambiri mufoni, koma chimodzi ndinachitsukitsa papepala: aima pakhonde la kanyumba kathu kam'mwamba kaja, atavala malaya a kuntchito. Kumbuyo ndinalemba ndi pensulo dzina lawo lonse, ndi malo amene chinajambulidwa, Silver Spring, monga anandiphunzitsira. Ndinakhala kanthawi pensulo ili m'manja. Kenaka ndinawonjezera pansi pake kuti kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo amayi awo anali Nangozo, amene sanajambulidwepo.