Mpweya wa Mayi Florência

Mayi Florência anayamba kuchapa zovala za eni ali mtsikana kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Atabwerera kuno ku Cassacatiza anapeza ntchito panyumba ya alendo ya bambo Osvaldo, pamene amagona oyendetsa magalimoto akuluakulu podikira mapepala a pamalire. Zaka makumi awiri za nsalu zapabedi ndi mathalauza a girisi zinasandutsa manja awo khungwa la mtengo. Pakamwa pokha mpamene sipanakalambe. Ine ndimagulitsa mtedza ndi chiponde pageti pomwepo, ndiye nkhani zawo ndazimva mpaka makutu kuwawa.

Chaka chatha bambo Osvaldo anagula makina ochapira ku Tete, n'kuwalumikiza ku thanki ya madzi. Anauza mayi Florência kuti mwezi ukatha akapume. Kupuma kwanji munthu ali ndi zidzukulu zitatu zamasiye pakhomo? Zinandipweteka mumtima.

Sabata yachitatu makina anapenga. Ankangomwa madzi osakhuta mpaka thovu kutulukira pakhomo, kenako n'kumalira, zilembo zofiira zikuphethira. Thanki yonse inathera pansi, abakha a oyandikana nawo n'kusamukira m'chipinda chochapira. Woyendetsa galimoto wina anati makinawo akwiya chifukwa anawolotsedwa Zambezi popanda kuuza mizimu. Bambo Osvaldo, amene Lamulungu lililonse amakhala kutsogolo m'tchalitchi, anathira kaufa kuseri kwake, akumati palibe akuwaona.

Ufa utakanika anaitana Castigo, wokonza njinga zamoto. Iye anamasula kumbuyo n'kukoka kapaipi kowonda ngati chala.

"Patarau, vuto ndi aka," anatero Castigo kwa bwanayo. "Madzi akamakwera amakankha mpweya m'kati umu, mpweyawo n'kukauza kabokosi aka kuti akwana. Khoswe wakaboola. Makina sakumva kanthu."

Anadula pobowokapo, n'kutseka mbali yakumunsi ndi kamtengo. Mbali yopita ku kabokosi anaiika pakamwa n'kuuzira. Kabokosi kanati tha, madzi anasiya kulowa, makina n'kuyamba kuchapa bwinobwino. Kapaipi kena kanali kodikira wopita ku Tete, choncho panafunika munthu wouzira.

Bambo Osvaldo anayesa okha. Anauzira ngati akukoleza moto wa nkhuni zaziwisi, makina n'kuganiza kuti kwasefukira, n'kutaya madzi onse ndi sopo yemwe. Anayesanso kanayi mpaka kuona chizungulire. Mayi Florência, amene ankaonerera manja ali m'chiuno, anati iwo madzi akakwana amawamva ndi khutu, ngakhale ali kuseri kwa nyumba.

Ndi mmene anapezera udindo watsopano. M'mawa uliwonse amakhala pakampando kuseri kwa makina, kapaipi pakamwa, masaya ali tuu. Madzi akakwana amauzira n'kugwira mpweya, nthawi yotaya madzi ikafika amautulutsa pang'onopang'ono. Cassacatiza yonse inati zii. Ukawapatsa moni amayankha ndi nsidze. Oyendetsa magalimoto ankawajambula pafoni, wina mpaka anawafunsa ngati amachotsanso madontho a girisi ndi mpweya womwewo.

Patatha mwezi kapaipi katsopano kanafika, Castigo n'kukamanga.

"Mayi, mwatithandiza kwambiri," anatero bambo Osvaldo, maso ali pansi. "Loweruka likhale lomaliza."

"Ndamva, patarau," anayankha mayiwo.

Masana omwewo anaima patebulo panga. Zaka zonsezi anali asanagulepo chiponde changa, ankati chimawapatsa chilungulira, ndipo ankauza aliyense wofuna kugula.

"Mana, mchemwali wanga, ndipatseniko pang'ono, ka pachala chabe."

"Chilungulira chija chatha?" ndinafunsa.

"Si changa. Kuseri kwa makina kuli mnzanga, nayenso ali ndi ana."

Ndinawapakira patsamba. Lolemba m'mawa abakha anali atabwerera m'chipinda chochapira, ndipo bambo Osvaldo anapita okha kukagogoda kwa mayi Florência.

Pano tili pa kapaipi kachinayi. Castigo akuti makoswe a kuno sawamvetsa, mawaya onse amawasiya n'kusankha kapaipi kokhako. Bambo Osvaldo anagula mphaka, koma mayiwo amamupatsa mitu ya matemba moti akaona khoswe amangoyasamula. Ine ndikukayika ngati bambowo sakudziwa, chifukwa fungo la chiponde silibisika, ndipo kapaipi kachisanu akungonena kuti adzagula mvula ikatha.

Dzulo ndinawasuzumira mayi Florência ali pakampando kawo, thukuta lili kamukamu, milomo itachita mikwingwirima.

"Masaya sakuwawa kodi?" ndinafunsa.

Anapinda kapaipi ndi chala kuti mpweya usathawe, n'kukachotsa pakamwa.

"Amawawa, mana. Koma ana adya."

Anakabwezera msanga, chifukwa makina anali atayamba kutsukuluza.