Ndinapita pa Lole, Ndinabwerera pa Ndege

Kutali kapena pafupi, zitengera wakwera chiyani. Lemba choncho, Tisa. Umuyankhe Esinati, mwana wa mng'ono wanga, poti akufunsa za ndege ya ku Chipata. Akuti akayambe wauza abale kumeneko, pomwe adokotala amuuza kuti akagonekedwe m'chipatala Lolemba. Umuuze kuti njira imeneyo ine ndinaiyenda ndikudwala.

Anali masiku a Chitaganya, Chipata tikuitcha Foti Jemusoni. Tinkakhala m'tauni yaikulu ku Kabwata, agogo ako aamuna akuphikira mzungu ku Kabulonga. Mvula itangoyamba ndinamva kanthu kolimba m'munsi mwa mchombo, ngati dzira la nkhuku. Sikankapweteka. Pofika Khirisimasi mimba inatupa, anzanga pampopi nkumati ndili ndi pakati. Ine ndinkadziwa kuti ayi, chifukwa kumwezi ndinkapita, magazi osaleka msanga.

Kuchipatala cha anthu akuda tinkafika m'mamawa, kukhala pabenchi, kakhadi m'manja, mpaka dzuwa pamutu. Tsiku lachitatu m'pamene ndinaonana ndi dokotala. Atandipapasa, womasulira anati, "Mayi, ichi n'chotupa. Tichotse sabata ino chisanakule."

Agogo ako anakana kudinda chala papepala. Osati nkhanza ayi. Anati, "Ine ndine mkamwini chabe. Mukafera pampeni, eni mbumba ndikawauza chiyani?" Ndiye ndinakwera lole ya ku Foti Jemusoni kukapempha chilolezo kwa malume anga kumudzi.

Masiku atatu m'matope. Titawoloka Luangwa ululu unayamba, lole ikagunda mwala ine kuluma chitenje. Kumudzi ndinafika atandinyamula, malume kulibe, anali ku maliro ku Nyasalande. Tinadikira sabata yathunthu. Atabwera anandiyang'ana nthawi yaitali, nkuti, "Mwana wa mlongo wanga, chimenechi ndiye wayendera? Ndikanakana ine?"

Kuchipatala cha paboma anati opaleshoni yotere kumeneko sangaithe, ndipo lole sindingapirirenso. Anandikweza ndege yaing'ono yobwerera kutauni, atandigoneka pamachira pafupi ndi matumba a makalata, nesi atandigwira dzanja. Wotchi sindiidziwa ine, koma ukanatereka nyemba zouma ponyamuka, tikanatera zisanapse. Nesi anati maola awiri ndi pang'ono. Luangwa uja ndinangouzidwa kuti tadutsa. Bwalo la ndege nthawi imeneyo linali m'tauni momwemo, ndiye tsiku lomwelo ndinalowa kokang'ambidwa.

Ndinagona m'wodi miyezi iwiri. M'mawa kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, kenako jakisoni, kenako kutsuka bala. Alendo ankaloledwa masana okha, agogo ako ankabwera pa njinga Lamulungu, nkukhala kumiyendo kwa bedi. Tsiku lina ba sisita, mkulu wa manesi, anandiuza kuti chotupa chinali chitagwira chiberekero, anachotsa zonse. Anati, "Mukanalola tsiku loyamba lija, tikanachotsa chotupa chokha."

N'chifukwa chake mayi ako anabadwa okha, Tisa, opanda mng'ono. Sindinakuuzepo. Lemba ndithu, usaime.

Lero ndili bwino kuno ku Chelstone. Mawondo okha ndiwo avuta, ndi chipsera chimayabwa kukazizira. Kumsika ndimafika ndekha.

Tsono Esinati mwanangu, ndege ilipo, ndipo ya masiku ano akuti ithamanga kuposa ija, koma usaikwere. Matenda sadikira msonkhano wa abale. Lolemba upite ukagone pabedi lako, a ku Chipata uwauze pa foni uli momwemo. Ngati ufuna wamkulu woti alole, wamkulu wotsala m'banja muno ndine. Ndalola. Wofuna kukalipa abwere akalipire ine.

Basi, usandiwerengerenso. Tumiza pompano, asanagule tikiti.