Ndinawasiyitsa mankhwala achemwali anga chifukwa cha foni

Ndine amene ndinawauza achemwali anga kuti asiye kumwa mankhwala a BP. Palibe anandituma, ndipo sindine dokotala. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Kabudula, koma kwa miyezi ingapo ndinadziyesa dokotala chifukwa cha kanthu kena kamene ndinaika mu foni. Lero achemwali angawo amakoka mwendo poyenda, ndipo dzanja lawo lamanja silithanso kugwira khasu. Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukundiwawa, kuti wina asapusitsidwe ngati ine.

Matenda othamanga magazi ndi akumtundu kwathu. Mayi athu anapita nawo. Achemwali, amene ndi oyamba kubadwa pakati pathu, achipatala anawapeza nawo amuna awo atangomwalira, ndipo ine anandipeza nawo patapita zaka zochepa. Tonse tinkalandira mankhwala kuchipatala chimodzi, kamodzi pamwezi. Amene amaudziwa ulendo umenewu andimvetsa. Kulawira m'mamawa, kupalasa njinga mtunda wautali achemwali ali pakaliyala, kukafika n'kupeza mzere watuluka kale kunja. Umakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuyezedwa kwa mphindi ziwiri zokha. Tsiku lina makina oyezera alibe mabatire, tsiku lina mankhwala sanabwere. Kusukulu nako ahedi ankadandaula kuti ana akukhala opanda mphunzitsi. Ndisaname, ndinatopa nazo.

Nditagula foni yamakono, mphunzitsi mnzanga anandiikira pulogalamu yokumbutsa munthu kumwa mankhwala. Imeneyo sindingainenere zoipa. Inkalira nthawi ya kadzutsa, ine n'kumwa piritsi, kuiwala n'kutha. Vuto linayamba pamene pa foni panayamba kutulukira uthenga wotsatsa pulogalamu ina, yoti imayeza BP popanda makina. Ankati ungoika chala pa kamera ya kuseri kwa foni, n'kudikira pang'ono, manambala atuluka. Ndinaiika tsiku lomwelo.

Inkaoneka yeniyeni, abale. Pankabwera chithunzi cha mtima wofiira ukugunda, ndi kamzere kokwera ndi kutsika ngati zija timaona m'mafilimu. Kenaka manambala, ndi mtundu wobiriwira wosonyeza kuti zonse zili bwino. Ndinadziyeza m'mawa, zobiriwira. Madzulo, zobiriwira. Sabata yonse chimodzimodzi. Tsiku la kuchipatala litakwana ndinadzifunsa kuti ndikavutikiranji pamzere, pamene dokotala ndili naye m'thumba. Mapiritsi atatha sindinakatenge ena. Thupi ndinkalimva bwinobwino, ndiponso kukodza pafupipafupi kumene mapiritsi aja ankandichititsa kunaleka. Apo ndiye ndinatsimikiza kuti ndachira.

Akazi anga anakayika. Anandifunsa kuti, "Kodi abambo, foniyo imakufinyani mkono ngati makina akuchipatala aja?" Ndinawaseka, n'kuwauza kuti dziko linapita patsogolo, iwo ndiwo anatsalira.

Nkhani inamveka kumpingo. Tikatuluka m'mapemphero, anthu ankandizungulira pansi pa mtengo, aliyense kupereka chala. Ndinkasangalala, chifukwa chobisira palibe. Akuluakulu amene kale ankangondipatsa moni wapatali anayamba kundiitana kuti "adokotala athu".

Lamulungu lina achemwali anandidikira anthu onse atabalalika. Anadandaula kuti mapiritsi akuwachititsa manyazi, kumsonkhano wa amayi amvano amangotulukatuluka, pamene iwo ndiwo amatsogolera nyimbo. Ndinawayeza. Zobiriwira. Ndinabwereza kuti akhutire, zobiriwiranso.

"Ndiye kuti ndachira, eti achimwene?"

Ndinawayankha kuti inde, ine ndinasiya kalekale ndipo ndili bwino.

"Ophunzira ndinu," anatero. "Mukanena inu, ine ndikananji?"

Mawu amenewo sandichoka m'mutu. Achemwali sanapite patali ndi sukulu, anasiya kuti ine ndipitirize. Chilichonse cholembedwa ankabwera nacho kwa ine, ndipo sanandikayikirepo.

Patapita miyezi iwiri anayamba kudandaula mutu, makamaka kunkhongoku, ndi kuti maso akumachita mdima akawerama. Anabwera kunyumba kawiri. Kawiri konseko ndinawayeza ndi foni, n'kuwauza kuti ndi dzuwa chabe, azimwa madzi ambiri. Inu owerenga, munthu anabwera yekha ndi miyendo yake kudzandiuza kuti sakumva bwino, ine n'kukhulupirira foni kuposa pakamwa pake.

Inali nyengo yokumba mtedza. Ndili m'kalasi cha m'ma 9 koloko, foni inalira. Anali Esinati, mwana wamkazi wa achemwali, amene anakwatiwa pamudzi pomwepo. Anangoti amayi agwa kumunda. Ndinasiya choko pansi n'kuthamanga. Ndinawapeza atawagoneka pamthunzi, pakamwa patapotoka, akuyesa kulankhula koma mawu osatuluka. Ndipo tamvani chimene ndinachita. M'malo mofulumira kufuna galimoto, ndinagwada, n'kutenga chala chawo n'kuchiika pa foni. Munthu ali gone, malovu akutuluka, foni inaonetsa zobiriwira. Esinati anandilanda foniyo m'manja n'kupita kukaitana mwini ngolo.

Tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenaka pa galimoto mpaka kuchipatala. Anamwino atawayeza ndi makina enieni sanadikire, anathamanga kukaitana adokotala. Adokotalawo, mayi wodekha ndithu, anatsegula buku la kuchipatala la achemwali n'kuona kuti papita miyezi asanabwere. Anafunsa kuti anasiyiranji mankhwala.

"Afunseni atsibweni angawa," anatero Esinati, akundiloza. "Ndi amene anawachiritsa."

Ndinafotokoza zonse, mutu uli pansi. Atamaliza kuthandiza achemwali, adokotala anandiitanira m'chipinda chawo n'kupempha foni ija. Anatsegula pulogalamuyo, koma sanaikepo chala. Anangoigoneka pa tebulo, kamera ikuyang'ana thabwa. Mtima wofiira uja unayamba kugunda, kamzere kukwera ndi kutsika, kenaka manambala, ndi mtundu womwe uja.

"Mwaona, bambo? Tebuloli BP yake ili bwino kwambiri."

Sanaseke ponena zimenezi. Anandiuza kuti ndipinde malaya, n'kundiyeza. Nanenso BP inali itakwera moti sanandilole kuchoka mpaka nditamwa mankhwala ndi kukhala pansi maola angapo. Anandifotokozera kuti matendawa nthawi zambiri sapweteka, munthu amayenda nawo akuseka mpaka tsiku logwa, ndiponso kuti kumva bwino kumene tinkamva poyamba kunali ntchito ya mapiritsi omwe tinawataya aja.

Achemwali anakhala m'chipatala masabata angapo. Moyo unapulumuka, koma anabwerera kumudzi ali munthu wina. Mtedza uja anakumba ndi anthu ena. Kumvano amapitabe akapeza wowaperekeza, koma amangokhala kumbuyo, nyimbo akutsogolera ena, chifukwa lilime limalemera. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sanandikalipirepo. Ndikapita kukawaona amandifunsa, pang'onopang'ono, ngati ndamwa mankhwala anga. Bola akanandilalatira. Esinati yekha ndiye sabisa. Amandipatsa moni chifukwa cha ulemu basi, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Ndinayesa kufufuza amene anapanga pulogalamu ija kuti ndiwauze zimene achita. Sindinapeze dzina la munthu, kapena dziko limene ali. Chimene ndinapeza ndi timawu ta Chingerezi, tating'onoting'ono, pansi penipeni, tonena kuti pulogalamuyi ndi yongosangalatsa, si yoyezera matenda. Ine ndimaphunzitsa ana Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndimawakalipira kuti aziwerenga malangizo asanayankhe mayeso, koma timawu timeneto sindinatiwerenge. Ndiye ndikwiyire ndani? Ndimawakwiyira anthu osaoneka amene amaseweretsa miyoyo ya anzawo, ndimakwiya ndi mizere ija imene imatopetsa odwala mpaka kufuna njira zachidule, koma mkwiyo wonsewo ukazungulira umadzathera pa ine ndemwe.

Ndinaima kutsogolo kwa mpingo n'kupepesa. Ndinayendanso khomo ndi khomo kwa onse amene ndinawayezapo, kuwapempha kuti abwerere kuchipatala. Ambiri anamva. Koma bambo wina wachikulire, amenenso anali atasiya mankhwala, anandikanira m'maso muli gwa. Anati zimene zinawachitikira achemwali ndi za anthu oipa a m'mudzi, foni ilibe mlandu, ine ndangochita mantha. Anali atapeza kale womuikira pulogalamu yomweyo mu foni yake. Ndinapitako katatu, kachitatuko sanatuluke m'nyumba. Bodza ndinalifesa mosavuta pa tsiku limodzi, koma kulizula ndikulephera mpaka lero.

Sabata yathayi pamsika wa Nsaru ndinaona bambo wina atazunguliridwa ndi amayi ogulitsa nyemba, aliyense akupereka chala pa foni yake. Ndinapita kukawauza zimene zinandionekera. Anandiyang'ana ngati ndapenga, wina n'kunena kuti ndikuchita nsanje.

Ndiye ndati ndilembe, mwina inu mundimva. Sindikunena kuti foni ndi yoipa. Ikukumbutseni nthawi yomwa mankhwala ndi tsiku lopita kuchipatala, musungemo manambala amene akuyezani ndi makina enieni. Koma isakuuzeni kuti mwachira. Pulogalamu iliyonse yokhudza matenda anu kaionetseni kaye kwa achipatala musanaikhulupirire. Mapiritsi akamakuvutani, kanenani, amatha kukusinthirani ena. Ndipo inu amene munapitako kusukulu, amene abale amakudalirani pa chilichonse cholembedwa, samalani pakamwa panu, chifukwa mawu anu amalemera kuposa mmene mukuganizira. Pamene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa.

Ngati pali m'bale wanu amene wasiya mankhwala chifukwa foni yamuuza kuti ali bwino, musadikire kuti mudzakumana naye Lamulungu. Pitani kwawo lero.